Makwinya akayamba msanga kuno kumapiri: ndalama yochepa iyambire pati?

Mlamu wanga amagulitsa mbatata ya kachewere pa Lizulu, m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo ali ndi zaka 34. Mwezi wa Julayi adabwera kudzagona kwathu ku Dedza. Madzulo tikuotha moto adavula duku kuti amange bwino tsitsi, ine n'kuona mzere pachipumi pake. Kumtunda kumene duku limaphimba, khungu linali losalala ngati la mtsikana wa kusekondale. Kumunsi linali lothimbirira ndi louma, timizere titatu titagona chopingasa, tina tating'onoting'ono m'mbali mwa maso. Apo n'kuti akundifunsa kuti, "Alamu, inu mumawerengawerenga, tandiuzani mafuta oti ndigule, nkhope yayamba kundithawa." M'chikwama anali ndi ndalama imene adalandira kubanki m'khonde, ndipo mtima wake unali pa kambale kena ka mafuta kamene adakaona pa Facebook.

Ndidamutengera pagalasi n'kumuonetsa mzere uja. Chipumi n'chimodzi, zaka zake n'zimodzi, chakudya n'chimodzi. Chosiyanitsa ndi nsalu yokha. Aliyense angadziyese chimodzimodzi: yang'anani khungu la mkati mwa mkono, pafupi ndi kukhwapa, muliyerekeze ndi la pamasaya kapena la kuseri kwa dzanja.

Kuno kumapiri kuzizira kumatinamiza. Wa ku Salima kapena ku Nsanje dzuwa amalimva, nalithawira pamthunzi. Ife ku Dedza, ku Bembeke, ku Tsangano timachita kulifunafuna, kukhala pakhonde kuliothera mpaka masana poti mphepo ikuluma. Koma chimene chimakalambitsa khungu si kutentha ayi, ndi cheza cha UV, chimene sitichiona kapena kuchimva. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati cheza chimenechi chimakula ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera. Mitambo yopyapyala nayo siitchinga kwenikweni; cheza chofika 80 peresenti chimatha kudutsa. Tsiku la nkhungu lija, mutavala juzi ziwiri, nkhope ikulandirabe.

Cheza chili pawiri. Cha UVB chimawaula pamwamba. Cha UVA chimalowa mkati n'kukadula collagen, ulusi umene umagwira khungu kuti likhale lokhuthala ndi lokungika, monga thonje limagwirira matiresi. Ulusiwu umachepa wokha ndi pafupifupi 1 peresenti pachaka munthu akangokula, ndipo dzuwa limafulumizitsa. Ife akhungu lakuda tili ndi mwayi, poti melanin, amene amapatsa khungu mtundu wakuda, amatiteteza ndipo makwinya amatichedwera kusiyana ndi azungu. Koma ofufuza amayerekeza chitetezo chathu chobadwa nacho ndi SPF 13 basi (SPF ndi muyeso wa mphamvu yotchinga dzuwa), ndipo chizindikiro choyamba kwa ife kawirikawiri chimakhala mawanga akuda ndi nkhope ya mitundu iwiri, timizere n'kubwera pambuyo.

Musanagule kalikonse, dziwani kaye ngati ndi makwinya enieni

Timizere tambiri timene timaoneka mu Juni ndi Julayi ndi kuuma chabe. Mpweya wouma wozizira umayamwa madzi pakhungu, ife n'kuwonjezerapo madzi otentha kwambiri osamba, ena n'kusambira kumaso sopo wochapira zovala. Khungu lathu mwachibadwa ndi lowawasirako pang'ono, pH yake (muyeso wa kuwawasa) ili pafupi ndi 5, pamene sopo wotere amafika 9 kapena 10, ndiye amakokolola mafuta onse oteteza. Nkhope ija imakokana mukangopukuta, mkuganiza kuti ndiye yayera.

Apa mpikisano uli pakati pa zinthu zimene zili kale pawindo m'nyumba zambiri: glycerine, Vaseline, ndi mafuta odzola wamba. Glycerine amakoka madzi n'kuwasunga pakhungu, ntchito yomweyo imene imagwiridwa ndi hyaluronic acid wa m'timabotolo todula. Koma asadzoledwe yekha pankhope youma, amanata ndipo fumbi limakakamira. Madontho awiri kapena atatu m'dzanja lonyowa, kapena osakaniza ndi mafuta anu a masiku onse, n'zokwanira. Vaseline sawonjezera madzi, amatseka kuti amene alipo asatuluke, ndipo pa ntchito imeneyi palibe chomuposa: amachepetsa kutuluka kwa madzi ndi pafupifupi 98 peresenti. N'chifukwa chake amafunika pakhungu lonyowa, pang'ono kwambiri, makamaka usiku. Amene ali ndi nkhope ya mafuta ndi ziphuphu angomupaka m'mbali mwa maso ndi pamilomo.

Chitani zimenezi milungu iwiri, ndi madzi ofunda ndi sopo wofatsa. Timizere timene tizimiririke tinali ta kuuma. Timene titsale ndiye makwinya enieni. Koma dziwani kuti Vaseline ndi glycerine satchinga dzuwa ngakhale pang'ono, ndipo samanga collagen. Amafewetsa, basi.

Mafuta a malambe, a nsatsi ndi a mapeyala ali m'gulu lomweli. Amafewetsa bwino ndithu, agogo athu sadalakwe powadzola, koma ntchito yawo imathera pomwepo. Mandimu okha ndiwo ndikukuletsani. Madzi ake akakhala pakhungu n'kukumana ndi dzuwa amatha kuwaula, n'kusiya banga lakuda lotha miyezi. Soda ndi mankhwala otsukira mano nazonso zisafike kumaso.

Chipewa ndi mafuta oteteza ku dzuwa

Ndikadakhala ndi ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha, ndikadagula chipewa cha mlaza chamkombero waukulu, wosachepera masentimita 7 kuzungulira. Mumagula kamodzi, sichisuluka ndi thukuta, sichifuna kubwereza. Kapu ya mpira imaphimba chipumi koma masaya, makutu ndi khosi zimatsala pamtetete. Duku limasunga mutu wokha. Ambulera ndi yabwino kwa wokhala pamalo amodzi pamsika, koma wa kudimba manja onse ali pakhasu. Chipewa chilinso ndi phindu lina: maso akakhala pamthunzi simutsinzinira, ndipo timizere ta m'mbali mwa maso ndi ta pakati pa nsidze timakula ndi kutsinzinira kwa tsiku ndi tsiku. Kufooka kwake n'koti cheza chodumpha kuchokera pamsewu, pamalata kapena pakhoma loyera chimalowa kunsi.

Mpata umenewo ndi wa mafuta oteteza ku dzuwa, aja olembedwa SPF. Mwa zodzola zonse zogulitsidwa m'dzina lochedwetsa ukalamba, awa ndiwo ali ndi umboni wolimba. Ku Nambour m'dziko la Australia ofufuza adatsatira anthu 903 osapitirira zaka 55 kwa zaka zinayi ndi theka. Zotsatira zidatuluka mu 2013: amene ankadzola tsiku lililonse khungu lawo lidakalamba mochepera ndi 24 peresenti poyerekeza ndi amene ankadzola akafuna. Ambiri mwa iwo anali akhungu loyera, n'zoona, koma cheza chimene chimadula ulusi wawo ndi chomwecho chimene chimadula wathu, kungoti kwa ife chimayenda pang'onopang'ono.

Posankha musathamangire nambala yaikulu. SPF 15 amatchinga pafupifupi 93 peresenti ya UVB, SPF 30 pafupifupi 97, SPF 50 pafupifupi 98. Kuchoka pa 30 kufika pa 50 kusiyana n'kochepa, ndiye ngati wa 50 wadula, wa 30 akukwanirani. Chachikulu n'choti pabotolo palembedwe broad spectrum kapena zilembo za UVA zitazunguliridwa ndi kamkombero, poti nambala ya SPF imanena za UVB yekha, pamene wobweretsa makwinya kwambiri ndi UVA.

Mafuta oteteza ku dzuwawa ali mitundu iwiri. Okhala ndi zinc oxide kapena titanium dioxide salumaluma m'maso ndipo amayanja khungu losachedwa kunyanyuka, koma pa ife amasiya nkhope yotuwa ngati wapaka phulusa, ndiye ambiri amadzola kawiri n'kuwataya m'kabati. Enawo amalowa osasiya kutuwa, ngakhale ena amalasa m'maso thukuta likayamba. Kwa amene ali ndi mawanga akuda m'masaya, aja amabwera ndi mimba kapena ndi mapiritsi olera, abwino ndi mafuta okhala ndi mtundu wofiirira, okhala ndi iron oxide, chifukwa mawanga amenewa amada ngakhale ndi kuwala wamba kooneka ndi maso.

Tsono nkhani ya ndalama. Chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chikuluma, ndipo mafutawa ambiri amachokera ku South Africa kapena kutali kuposa apo. Nzeru ili pakukula kwa botolo. Nkhope imafuna mizere iwiri yofinyidwa kutalika kwa chala cholozera ndi chapakati, pafupifupi mamililita 1.25, ndiye tiwerengere ngati mukudzola kamodzi patsiku. Kabotolo ka 50 ml kolembedwa kuti n'ka nkhope katha m'masiku 40. Botolo la 200 ml lolembedwa kuti n'la thupi, la Nivea kapena la kampani ina yodziwika, lifika miyezi isanu, ndipo palibe choletsa kulidzola kumaso ngati silikubweretserani ziphuphu. Gawani mtengo ndi mamililita musanalipire. Amene amakhala panja tsiku lonse ayenera kubwereza pakatha maola awiri, ndipo poti ambiri sitingakwanitse, n'chifukwa chake chipewa ndi mafuta ziyendere limodzi: mafuta m'mawa, kubwereza kamodzi masana, chipewa nthawi yonse.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandikhudza kwambiri. Mafuta amene amaperekedwa ulere m'zipatala ndi a abale athu achialubino, amene kwa iwo dzuwa ndi nkhani ya khansa ya pakhungu. Wina akakubweretserani botolo lotere kuseri kuti mugule motchipa, kanani. Timizere tathu sitingafanane ndi moyo wa munthu.

Kambale ka pa Facebook kaja

Mlamu adandionetsa chithunzi chake pafoni. Kambale koyera kopanda dzina la kampani, kopanda mndandanda wa zosakaniza, kolonjeza kuchotsa makwinya, mawanga ndi ziphuphu m'masiku 7. Timbale totere tadzaza m'misika, m'masaluni ndi pa WhatsApp, ndipo ndi chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Palibe chimene chimamanga collagen m'masiku 7. Chimene chimasintha nkhope msanga chonchi kawirikawiri ndi chimodzi mwa zitatu: steroid wamphamvu monga clobetasol kapena betamethasone, hydroquinone, kapena mercury.

Ndidaziona pafupi pa mayi wina amene tinkapangira tsitsi saluni imodzi. Mwezi woyamba aliyense ankamuyamikira, nkhope ili see, yowala. Patatha chaka masaya ake adapyapyala mpaka timitsempha tofiira tinkaonekera, ziphuphu zing'onozing'ono zidazungulira pakamwa, mfundo za zala zili bii pamene manja ayera. Akalekeza masiku atatu nkhope inkatentha ndi kuyabwa mpaka kubwereranso kukagula. Tsiku lina akutsukidwa tsitsi, madzi ofunda okha atamudontha patsaya adachita kudzidzimuka ndi ululu. Adali atagula mafutawo kuti athane ndi timizere tiwiri.

Steroid amaletsa khungu kupanga collagen, ndiye amabweretsa ukalamba womwewo umene munthu akuthawa. Hydroquinone ndi mankhwala enieni amene madokotala amalembera mawanga kwa miyezi yowerengeka, koma akadzoledwa zaka amasiya mawanga akuda motuwira, ochronosis, ovuta kwambiri kuchotsa. South Africa idamuletsa m'zodzola kale mu 1990. Mercury amalowa m'magazi n'kuwononga impso ndi mitsempha, amafikanso kwa mwana ali m'mimba kapena akuyamwa, ndipo mayiko a mumgwirizano wa Minamata, wochepetsa mercury padziko, adamvana mu 2023 kuti zodzola zokhala naye zithe pofika 2025. Pamwamba pa zonsezi, kuyeretsa khungu n'kuchotsa melanin uja amene amatichedwetsera makwinya, kenaka n'kukaima padzuwa la pa Lizulu.

Ngati mwayamba kale, musachite manyazi ndipo musangolekeza nokha mwadzidzidzi ngati mwadzola miyezi yambiri. Tengani kambaleko mupite nako kuchipatala mukafunse oona za khungu akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono.

Retinol ndi abale ake

Makwinya enieni atayamba kale, chodzola chimene chimawabweza pang'ono ndi banja la vitamini A. Wamkulu wake ndi tretinoin, amene adayamba ngati mankhwala a ziphuphu, ndipo ku America adamuvomereza kukhala wa timakwinya mu 1995. Amauza khungu kuti lipangenso collagen ndi kusinthitsa msanga khungu lapamwamba. Amapezeka pa mphamvu ya 0.025, 0.05 ndi 0.1 peresenti, ndipo ndi mankhwala ofuna kulemberedwa ndi dokotala. Adapalene wa 0.1 peresenti ndi wofatsirako, ntchito yake yeniyeni ndi ziphuphu, ndiye amayanja amene ali ndi mavuto onse awiri. Retinol wa m'timabotolo ta The Ordinary, CeraVe, Neutrogena ndi ena ndiye wofatsa pa onse, chifukwa khungu liyenera kumusandutsa kaye kuti agwire ntchito.

Mukayerekeza, kachubu ka tretinoin kochokera ku India kamagwira mwamphamvu kuposa seramu yokongola ya retinol, ndipo kamakhalitsa poti mumafinya kukula kwa njere imodzi ya chimanga pankhope yonse. Koma mphamvu yomweyo ndiyo vuto lake. Amaumitsa, amasupula, amatentha, ndipo pakhungu lakuda paliponse panyanyuka pamasiya banga. Wofulumira amene adzola usiku uliwonse kuyambira tsiku loyamba amathera ndi mawanga oposa amene anali nawo. Kwa woyamba kumene ndimakonda retinol wa 0.2 kapena 0.3 peresenti, kapena tretinoin wa 0.025 ngati dokotala wavomera: usiku wokha, kawiri pamlungu, pankhope youma bwino, mutayamba mwadzola mafuta ofewetsa, osayandikira zikope, m'mbali mwa mphuno ndi milomo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kusintha kumaoneka pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo mukasiya phindu limabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

Kuno kwathu musayambe mu Juni kapena Julayi khungu litauma kale ndi chisanu. Yambani nthawi ya dzinja, mpweya uli wachinyezi, kuti pofika kozizira likhale litazolowera. Ndipo wopanda mafuta a dzuwa asayambe n'komwe, poti kumanga usiku n'kugumula masana ndi kutaya ndalama.

Chachikulu koposa: mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga mimba asadzole aliyense wa banja limeneli, ndipo woyamwitsa afunse kaye kuchipatala. Gulani ku famase yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, osati pabenchi, chifukwa machubu a steroid ndi a tretinoin amafanana maonekedwe ndipo ogulitsa ambiri sawasiyanitsa. Safunsa adadya phula. Werengani dzina la mankhwala lolembedwa timalemba ting'onoting'ono, muonenso tsiku lotha ntchito.

Zotsalazo sindichedwa nazo. Niacinamide wa 4 kapena 5 peresenti ndi wofatsa, amachepetsa mawanga ndi mafuta a pankhope, amathandizako timizere, ndipo ndiye woyenera amene retinol wamukanika kapena sakuloledwa. Seramu ya vitamini C imathandiza, koma imaonongeka msanga ndi kuwala ndi mpweya. Ikasanduka yabulauni yatha, ndipo botolo loti layenda pabasi kuchokera ku Johannesburg n'kukhala pashelefu miyezi mwina mumaligula litatha kale. Ndalama imeneyo bola magwafa, malambe ndi mapichesi athu a kuno. Mafuta olembedwa collagen amafewetsa ngati ena onse, koma collagen ndi wamkulu kwambiri moti sangalowe pakhungu, ndiye musalipire dzinalo.

Utsi nawo tisauiwale. Fodya amakalambitsa nkhope, makamaka kuzungulira pakamwa, ndipo utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda windo umagwira ntchito yofanana, kuphatikizapo kutsinzinira ndi misozi katatu patsiku. Chitetezo mbaula, kapena kungophikira pamalo opita mphepo, kumathandiza maso ndi chifuwa, nkhope n'kupindula nawo.

Mlamu akufuna mwana wachitatu chaka chamawa, ndiye retinol tidamuchotsa pamndandanda usiku womwewo. Glycerine anali naye kale. Sopo wochapira adalonjeza kumusiyira zovala. Ndidakwera minibasi ya ku Lilongwe mlungu wotsatira n'kumugulira botolo la 200 ml la SPF 30, ndipo ndalama yotsala idabwerera kumpamba wa mbatata. Chipewa adagula yekha pamsika.

Pamene ndidadutsa pa Lizulu mu Okutobala, ndidamuona kudzera pawindo la basi akuthamanga ndi chidebe cha mbatata, chipewa chitamangidwa ndi kansalu kunsi kwa chibwano. Adati masiku oyamba mphepo inkachiulutsira tsidya la msewu, ku Mozambique, mpaka adasokerera zingwe za chitenje. Posenza chidebe amachikankhira kumsana, akatula amachibweza. Timizere ta m'mbali mwa maso tidazimiririka ndi glycerine uja. Titatu ta pachipumi tikadalipo, ndipo akuti tidzakambirananso mwana akadzasiya kuyamwa.